Mausi yopanda waya: nkhani yagona pa kalisiva

Aliyense amene anali kusewenza mu Lusaka m'caka ca 2024 akumbukila mmene malaiti anativutitsila. Madzi atacepa ku Kariba cifukwa ca cilala, Zesco inayamba kugawa malaiti mosinthanasinthana, ndipo pofika mwezi wa September nyumba zambili, kumakomboni ndi kumayadi komwe, zinali kuona malaiti kwa maola atatu cabe pa tsiku. Anthu amene nchito yawo ili pa kompyuta anasanduka oyendayenda. M'mawa munthu anali kuika laputopu m'cikwama, kukwela basi ku Chelstone, ku Kabwata kapena ku Woodlands, ndi kupita kulikonse kumene kunali kulila jeneleta kapena kumene kunali sola. Ku Kabulonga, kumene nyumba zambili zakale zinasanduka maofesi, mathebulo a m'malo omwelamo tiyi anali kudzaza ndi anthu ofunafuna pochajila.

Ine ndinali mmodzi wa iwo. Tsiku lina ndinafika ku Kabulonga ndi lipoti limene linali kufunika kutumizidwa 12 koloko isanakwane. Kapadi ka zala ka pa laputopu yanga kanali katafa kale, conco ndinali kudalila mausi yopanda waya. Ndinaitulutsa, ndinaiyatsa, kanyali kofiila kunsi kwake kanayaka bwinobwino, koma kamuvi ka pa sikilini sikanasunthe ngakhale pang'ono. Apa m'pamene ndinakumbukila kuti kalisiva, kaja kakang'ono ngati cikhadabo kamene timalowetsa m'bowo la USB, ndinali nditakasiya m'kompyuta ya kunyumba. Lipoti linacedwa, ndipo amene anandipatsa nchito ija sanandiitanenso. Patapita masiku ocepa ndinagula mausi ina yochipa mu tauni, yopanda bokosi, kuti izikhala m'cikwama. Wogulitsa anatola kalisiva pa mulu wa tunzake n'kundipatsa. Nditafika kunyumba ndinapeza kuti kanali ka mausi ina, ndipo lisiti ndinalibe.

Zimenezi zinandiphunzitsa cinthu cimene ambili a ife sitiuzidwa pogula. Mausi yopanda waya ndi zipangizo ziwili zimene zimakambilana pa mafunde a wailesi: ija timagwila m'dzanja, ndi kalisiva kamene ena amakacha dongle. Pa ziwilizi, kakang'onoko ndiko kafuna cisamalilo cacikulu. Kakasowa, mausi yafa. Kakaikidwa pamalo olakwika, kamuvi kamadumphadumpha. Ndipo ngati ndi kakale kosakonzedwa, kangathe kukhala khomo lolowelapo akuba m'kompyuta yanu.

Mbewa yopanda mcila

Liwu lakuti mausi m'Cingelezi litanthauza mbewa. Ambuya athu, Abemba, anganene kuti n'cifukwa cake ife a kum'mawa sitinacedwe kuizolowela, koma dzinali linabwela cifukwa ca waya umene unali kutuluka m'kacipangizoko ngati mcila. Amene anaiganizila ndi Douglas Engelbart wa ku Stanford Research Institute ku California, ndipo mnzake Bill English ndiye anapanga yoyamba mu 1964. Inali kabokosi ka thabwa ka mawilo awili ndi batani limodzi. Anthu ambili anaiona koyamba pa 9 December 1968, pamene Engelbart anaonetsa nchito yake ku San Francisco.

Amene anaphunzilila kompyuta m'ma internet cafe a mu tauni kumayambililo kwa zaka za m'ma 2000 akumbukila mausi ya kampila kunsi, imene inali kufuna kutsegulidwa kawilikawili kuti acotsemo litsilo. Kampani ya Logitech inatulutsa mausi yoyendela mafunde a wailesi mu 1991, ndipo mu 1999 Microsoft inayamba kugulitsa ya kanyali kofiila m'malo mwa kampila. Zinthu ziwilizi zitaphatikizana, mtengo n'kutsika, mbewa yopanda mcila inafika paliponse. Kuno kwathu, kucokela mu 2014 pamene phunzilo la Computer Studies linayamba m'masukulu a sekondale, si zacilendo kuona kholo likugulila mwana mausi monga mmene limamugulila kalikyuleta.

Dziwani mtundu umene muli nawo

Pali mitundu iwili. Woyamba ndi wa kalisiva ka USB. Umasewenzetsa mafunde a 2.4 GHz, amodzimodzi ndi amene Wi-Fi imayendapo, ndipo umafika pafupifupi mamita 10 ngati palibe cochinga. Waciwili ndi wa Bluetooth, umene sufuna kalisiva cifukwa umalankhula ndi kawailesi kamene kali kale m'kati mwa laputopu kapena tabuleti. Ziliponso mausi zina zokhala ndi njila zonse ziwili, ndipo zimakhala ndi kabatani kosinthila.

Cofunika kudziwa n'cakuti mausi ya USB ndi kalisiva kake amazigwilizanitsa ku fakitale konko. Ciliconse cimadziwa nambala ya cinzake, ndiye cifukwa cake mu ofesi ya anthu 10 mausi ya uyu sisuntha kamuvi ka uyo. Koma n'cifukwa cakenso kalisiva ka mausi ina, ngakhale kaoneke cimodzimodzi, sikangasewenze ndi yanu. Pa mausi zambili zochipa, kalisiva kakatayika palibe cocita koma kugula yonse yatsopano. Makampani ena akuluakulu amagulitsa tumalisiva twapadela. Mwacitsanzo, Logitech ili ndi mtundu wochedwa Unifying, umene unayamba mu 2009 ndipo umadziwika ndi kacizindikilo kofiilila ngati lalanje. Kalisiva kamodzi kotele kangalandile zipangizo mpaka 6, ndipo mungakagwilizanitse ndi mausi ina ya mtundu womwewo posewenzetsa pulogalamu ya kampaniyo. Koma nakonso sikamvana ndi mtundu watsopano wa kampani yomweyo wochedwa Bolt. Conco yang'anani cizindikilo musanalipile.

Pogula

Mausi zimapezeka paliponse mu Lusaka: m'masitolo a ku Manda Hill, Arcades ndi East Park, m'tumasitolo twa mu Cha Cha Cha Road, Freedom Way ndi Katondo Street, ku Kamwala, ngakhale m'manja mwa anyamata ogulitsa m'misewu. Konseku mungapeze yabwino, ndipo konseku mungapeze yoipa. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafela kuuna. Musacite manyazi kupempha wogulitsa kuti aike batili, alowetse kalisiva m'kompyuta ndi kuiyesa inu mukuona. Ngati mwanyamula laputopu yanu, iyeseni pa yanuyo. Dinikizani batani la kumanja ndi la kumanzele, zungulizani kawilo ka pakati, ndipo sunthani kamuvi kucokela pakona ina ya sikilini kufika pa inzake. Mukatsegula bokosi n'kusapeza kalisiva musafulumile kukwiya, cifukwa kawilikawili kamakhala katabisika m'kati mwa mausi, pafupi ndi pokhala batili. Tengani lisiti lolembedwa dzina la sitolo ndi tsiku. Bungwe la Competition and Consumer Protection Commission limalandila madandaulo a anthu amene agulitsidwa katundu wakufa, koma popanda lisiti nkhani yanu imavuta kuitsatila.

Ganizilaninso za kompyuta imene muli nayo. Malaputopu ena atsopano ali ndi mabowo a USB-C okhaokha, aja ang'onoang'ono ozungulila m'mbali, pamene tumalisiva twambili ndi twa bowo lalikulu lakale. Pamenepo mufunika ya Bluetooth, apo ayi mugulenso kadaputa. Makompyuta ambili akale a pa desiki alibe Bluetooth, conco amenewo afuna mausi ya kalisiva.

Kuilumikiza

Ya kalisiva siivuta. Tsegulani civundikilo ca batili, ndipo ikani batili motsatila zizindikilo za + ndi - zimene zalembedwa m'katimo. Ngati batili inabwela ili kale m'kati, cotsani kapepala ka pulasitiki kamene amaikapo kuti isathe ili m'sitolo. Ena amabweza mausi yabwinobwino cifukwa ca kapepala kameneka. Lowetsani kalisiva m'bowo la USB mosakakamiza, ndipo kakakana katembenuzeni. Kenako kankhani swichi ya kunsi kuti ifike pa ON. Windows, macOS ndi Linux zimaizindikila zokha m'masekondi ocepa, popanda CD kapena pulogalamu ina iliyonse. Munthu akakuuzani kuti mulipile ndalama yoikila madilaiva a mausi wamba, dziwani kuti akukudyelani.

Ya Bluetooth ifuna kuleza mtima pang'ono. Yatsani mausi, ndipo dinikizani kabatani kogwilizanitsila kwa masekondi angapo mpaka kanyali kayambe kuphethila mofulumila. Pa Windows 11 lowani mu Settings, sankhani Bluetooth & devices, kenako Add device, ndipo dzina la mausi likaonekela lidinikizeni. Izi mumacita kamodzi cabe, masiku otsatila imalumikizika yokha. Kumbukilani kuti mukazimitsa Bluetooth pa laputopu pofuna kusunga moto, mausi nayo imaleka kusewenza.

Mu Settings momwemo, pa Mouse, mungasinthe liwilo la kamuvi, ndipo amanzele angasinthe kuti batani lalikulu likhale la kumanja. Mwana wamanzele asakakamizidwe kugwila ndi dzanja lamanja. Kompyuta ilibe mwambo pa nkhani imeneyi.

Kamuvi kakayamba kudumpha

Musafulumile kutaya mausi. Yambani ndi batili, cifukwa nthawi zambili vuto limakhala pamenepo. Kenako onani pamene mausi ikuyenda. Kunsi kwake kuli kakamela kakang'ono kamene kamajambula thebulo kambilimbili pa sekondi imodzi, n'kuyelekezela zithunzizo kuti kadziwe kumene dzanja lapita. Pa thebulo la galasi kapena lonyezimila kwambili, ngati ena a m'malo omwelamo tiyi aja, kakamelako kamasowa coona. Yalani pepala losanyezimila, buku, kapena kamphasa ka mausi. M'miyezi ya fumbi, kuyambila August mpaka mvula itagwa, muzipukuta kadiso ka kunsi ndi kansalu kouma, cifukwa katsitsi kamodzi kangasokoneze zonse. Dziwaninso kuti mausi zina zimasewenzetsa kuwala kosaoneka ndi maso, conco kusayaka kwa kanyali kofiila sikutanthauza kuti yafa. Musaiyang'anitsitse m'diso pofuna kutsimikiza, ndipo ana asaseweletse kuwalako m'maso mwa anzawo.

Vuto lina ndi pamene kalisiva kakhala. Kompyuta ya pa desiki ikaikidwa pansi, kalisiva kali kumbuyo kwake pakati pa citsulo ndi cipupa, mafunde amafooka. Kabweletseni ku bowo la kutsogolo, kapena gulani kawaya kotalikitsa ka USB kuti kakhale pamwamba pa thebulo. Mu 2012 kampani ya Intel inafalitsa lipoti losonyeza kuti mabowo ndi mawaya a USB 3.0, amene nthawi zambili amakhala a buluu m'kati, amatulutsa mafunde amene amasokoneza zipangizo za 2.4 GHz. Conco ngati mausi imavuta pokhapokha mwalumikiza fulashi kapena hadi disiki, samutsilani kalisiva ku bowo la mbali ina ya laputopu. Router ya Wi-Fi kapena MiFi nayonso isagone pafupi kwambili ndi kalisiva.

Mabatili

Mausi zambili zimafuna batili imodzi kapena mabatili awili a AA kapena AAA. Batili ya alkaline ya 1.5 V imakhala miyezi ingapo, ndipo opanga mausi ena amalemba miyezi 12 pa bokosi. Mabatili ochipa a zinc-carbon, aja timagulila tochi ndi wailesi pa kantemba, amasewenza ndithu koma amatha msanga. Ochajidwa a NiMH, olembedwa 1.2 V, nawonso ndi abwino kwa amene ali ndi chaja yake. Musaphatikize batili yatsopano ndi yakale, ndipo musayese kuchaja batili imene sinalembedwe kuti ndi yochajidwa, cifukwa ingathe kuphulika kapena kutuluka madzi.

Poika mausi m'cikwama, izimitseni. Basi ikamagwedezeka, mausi yoyaka imadzukadzuka ngati ili pa nchito, ndipo imadya batili njila yonse kucoka mu tauni kufika ku Chelstone. Mukadziwa kuti ikhala milungu yambili osasewenza, cotsani batili. Batili ya alkaline yoiwalika imatuluka madzi amene amauma n'kukhala ngati ufa woyela pa tuzitsulo twa m'kati. Madziwo ndi potassium hydroxide, amatentha khungu ndipo ndi oopsa m'maso. Valani pulasitiki kudzanja, pukutani ndi thonje lonyowetsedwa pang'ono ndi viniga kapena madzi a ndimu, dikilani kuti paume, kenako sambani m'manja.

Mausi zina zili ndi batili ya lithium yomangilidwa m'kati, yochajidwa ndi waya wa USB. Yotele musaisiye m'motoka yoimikidwa padzuwa, makamaka mu October, ndipo mukaona kuti yatupa kapena ikutentha kwambili pochaja, lekani kuisewenzetsa. Mabatili akutha musawaponye pamoto wa zinyalala, cifukwa amaphulika, kapenanso m'cimbudzi ca dzenje. Mzinda wa Lusaka unamangidwa pa miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu, madzi a pansi ali pafupi, ndipo nyumba zambili za ku Kabulonga ndi Woodlands zimamwa a m'maborehole. Asungeni m'botolo lotseka, ndipo funsani a Zambia Environmental Management Agency, amene amayang'anila za zinyalala zoopsa, kumene mungawapeleke. Mabatili ndi kalisiva komwe zikhale kutali ndi makanda, pakuti kalisiva ndi kakang'ono moti mwana wokwawa angakameze n'kutsamwa.

Khomo la akuba

Mu February 2016, Marc Newlin wa kampani ya zacitetezo ya ku America yochedwa Bastille anaulula vuto limene analicha MouseJack. Anapeza kuti tumalisiva twambili twa mausi zosakhala za Bluetooth tunali kulandila uthenga popanda kutsimikiza kumene wacokela. Munthu wokhala ndi kacipangizo ka wailesi kochipa anali kutha kudzionetsa ngati mausi yanu, kenako n'kutumiza malamulo ngati kuti akulemba pa kiyibodi yanu, ali pa mtunda wofika mamita 100 ngati palibe cochinga. Zipangizo zina za Logitech, Dell, HP, Lenovo, Microsoft, Amazon ndi Gigabyte zinachulidwa. Logitech inatulutsa pulogalamu yokonzela tumalisiva twake, Microsoft nayo inatulutsa yake kudzela pa Windows, koma tumalisiva twina tunapangidwa mwa njila yakuti situngakonzedwe.

Papita zaka, koma nkhaniyi itikhudzabe cifukwa zipangizo zakale sizifa msanga kuno kwathu. Zimabwela pamodzi ndi makompyuta a salaula, zimagona m'madilowa a maofesi, ndipo zimapatsidwa kwa mlembi watsopano akabwela. Ku Kabulonga kuli maofesi a maloya, mabungwe othandiza anthu, makiliniki ndi owelengela ndalama, ndipo ambili ali m'nyumba zoyandikana ndi msewu. Mpanda wa njelwa ndi waya wa magetsi zimaletsa munthu kulumpha, koma mafunde a wailesi zimangowafooketsa cabe. Lamulo la Data Protection Act la 2021 limafuna kuti aliyense wosunga mbili ya anthu ena, monga manambala a NRC, matenda awo kapena malipilo awo, aziiteteza. Mwini ofesi amene amagula loko yodula ya pa geti ayenela kudziwanso cimene cili m'bowo la USB la kompyuta ya mlembi wake.

Sitikunena kuti muziopa mausi. Kuba kotele kumafuna luso, ndipo wakuba wamba amakonda kompyuta imene yangosiyidwa yotsegula. Njila zodzitetezela kwa onse awili ndi zosavuta. Mukanyamuka pa thebulo, ngakhale kungopita kukatenga tiyi, dinikizani batani la Windows pamodzi ndi L kuti muikhome, pakuti malamulo otumizidwa pa wailesi sangatsegule mafaelo anu popanda pasiwedi. Lolani Windows izilandila zokonza zake. Ngati mausi yanu ndi ya kampani yodziwika ndipo ndi yakale, tengani pulogalamu yokonzela kalisiva kwa kampaniyo yeniyeni, osati kwina. Pa kompyuta yolipilila anchito kapena yosunga mafaelo a odwala, mausi ya waya ikali yabwino koposa, cifukwa ilibe batili ndipo ilibe mafunde. Ndiponso mukatola kalisiva kapena fulashi poimika mamotoka, musakalowetse m'kompyuta kuti muone ngati kasewenza. Pali tuzipangizo tooneka ngati fulashi tumene tumayamba kulemba malamulo tokha tukangolowetsedwa.

Dzanja lanu

Ubwino wa mausi yopanda waya ndi wakuti mungaiike pamene thupi lanu lifuna, osati pamene waya wathela. Iikeni pafupi ndi kiyibodi, pa msinkhu umodzi, kuti cigongono cikhale pafupi ndi nthiti ndipo phewa lisakwezeke. Mkono ndi dzanja zikhale zowongoka, zosapindika pa mfundo. Igwileni mofewa, siingathawe. Sankhani yolingana ndi dzanja lanu, cifukwa tuja tung'onotung'ono twa paulendo tumatopetsa munthu wosewenza tsiku lonse. Pakapita mphindi 30 kapena ola limodzi, imililani ndi kutambasula zala. Mukayamba kumva dzanzi ku cala cacikulu, colozela ndi capakati, makamaka usiku, pitani ku kiliniki. Cingakhale cizindikilo cakuti mtsempha wa pa mfundo ya dzanja ukupanikizika, ndipo vutoli silivuta kuthandiza likadziwika msanga.

Ine tsopano ndinadziikila lamulo limodzi. Kalisiva kali ndi nyumba ziwili cabe, m'bowo la laputopu kapena m'kati mwa mausi pafupi ndi batili. Sikalowa m'thumba la malaya, sikagona pa thebulo, ndipo sikabwelekedwa. Inu a m'maofesi, lembani nambala imodzimodzi ndi inki yosafufutika pa mausi ndi pa kalisiva kake, cifukwa tukasakanikilana pa tsiku losesa mudzataya m'mawa wonse mukuyesa kamodzikamodzi. M'cikwama muzikhala batili imodzi yapadela. Zonsezi sizidya ndalama yambili, koma ine ndinaziphunzila nditataya kasitomala mmodzi ndi ndalama ya mausi imodzi. Inu musadikile kuti zikucitikileni.